Pikapu ya a Tembo

Manja anga anayera nditakhala miyezi itatu ku Bradford, ku Mangalande. Ndinazindikira zimenezi m'basi m'mawa wina, ndikupita kukasambitsa gogo wina wachizungu amene ankakhala kumtunda kwa tauni. Ndinayang'ana zikhadabo zanga n'kuona kuti kuda kwa oyilo kumene ndinali nako chiyambire unyamata wanga kwatheratu. Wina akanakondwa. Ine ndinalowetsa manjawo m'matumba a jekete mpaka pamene ndinatsikira.

Ku Limbe ndinali makaniko wa mapampu a dizilo. Tinali ndi kashedi ka malata ine ndi mng'ono wanga, ndipo madalaivala a malole ankadziwa kuti injini ikayamba kutsokomola kapena kufuka utsi woyera, aikokere kwa ine. Ntchito ndinkaidziwa, koma zinthu zinavuta. Masipeya ankakwera mtengo mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi zina malole ankagona sabata yathunthu pamzere wodikira mafuta, ife tili chikhalire pabenchi. Mlamu wanga wina, nesi ku Leeds, atandiuza kuti kumeneko kukufunika anthu osamalira okalamba, sindinachedwe kuvomera. Ndinatsanzikana ndi mkazi wanga Esinati ndi mwana wathu Yankho pa Chileka, mwanayo ali sitandade faifi, n'kuwalonjeza kuti chaka chisanathe adzakhala atanditsatira. Malamulo anadzasintha mapepala awo asanatheke, ndipo sanabwere.

Ntchito yanga inali yoyenda khomo ndi khomo. Kudzutsa munthu, kumusambitsa, kumusintha thewera, kumupatsa mankhwala ndi phala, kulemba pafoni kuti ndatuluka, kenako kuthamangira basi. Kampani inkatiyeza nthawi pafoni pomwepo, moti gogo akayamba kukusimbira za mwamuna wake amene anamwalira, unkamvetsera dzanja lili kale pachitseko. Ndinkakhala m'nyumba ya mdadada, zija zogundana makoma, tilimo anthu asanu, aliyense kachipinda kake. Khoma la chipinda changa linkachita thukuta nyengo yozizira, ndipo nsapato zimene ndinaziiwala kuseri kwa bedi zinachita chuku. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse osaphonya. Esinati anafolera nyumba ndi malata atsopano nanditumizira chithunzi, ine n'kumachiyang'ana ndili pa siteji, mvula ikundilowa m'khosi.

A Tembo ndinakumana nawo kutchalitchi. Tinkapemphera muholo yobwereka, a ku Malawi ndi a ku Zambia pamodzi, ndipo tikaweruka tinkadya limodzi. Anali bambo wa ku Chipata, wondiposa ndi zaka ngati khumi, wamfupi, wamapewa otambalala, woseka ndi thupi lonse. Kwawo anali dalaivala wa malole opita ku Beira ndi ku Nacala. Ku Bradford ankagwira ntchito panyumba ina yosungirako okalamba, ndipo nawonso banja linali kumudzi. Atamva kuti ndimadziwa mapampu, anasiya mbale yawo ya mpunga patebulo n'kundikokera pakhomo.

"Iwe mwana wa ku Limbe, manje pa Chiweru uli pa shifiti? Nifuna ukaone chinthu changa."

Anayamba kunditchula kuti iwe tsiku lomwelo, ndipo sindinadandaule.

Chinthucho chinali mufakitale yakale yolukira nsalu za ubweya, chinyumba chachikulu cha miyala yakuda chimene anachigawagawa kukhala timagalaja. Galaja imodzi inali ya Imran, bambo wobadwira ku Bradford komweko koma makolo ake a ku Pakistan, amene ankakonza matakisi. Bambo ake a Imran anamwalirira m'manja mwa a Tembo kunyumba ya okalamba kuja, ndipo chichokereni apo Imran ankawatchula a Tembo kuti ankolo, nawapatsa ngodya ya galajayo kwaulere. Pangodyapo panaima pikapu yofiira yopauka, ya dzimbiri m'mbali, yonunkha ndowe za nkhosa. A Tembo anaigula motchipa kwa mlimi wina italephera kuyezedwa kuti iziyenda pamsewu.

Ndinatsegula boneti. Inali injini yakale ya masilinda anayi, ya pampu ya makina, yopanda kompyuta, mtundu womwe uja ndinkaumasula ku Limbe ndikucheza. Ndinagwira paipi ya nozo, kachitsulo kopopera mafuta mu silinda, oyilo n'kundidetsa zala.

Ine ndinkayesa akufuna ndiikonze kuti aziyendera. Imran ndiye anandionetsa pafoni chimene a Tembo ankalota. Kumeneko kuli mpikisano wa galimoto ziwiriziwiri. Zimaima mbali ndi mbali, nyali ikasanduka yobiriwira zimaliyatsa liwiro pamsewu wowongoka wa mamita mazana anayi okha, ndipo zonse zimatha m'masekondi ochepa. Pabwalo lina lakale la ndege, chakufupi ndi Hull, pankakhala masiku oti aliyense abwere ndi galimoto yake adzayese. A Tembo anapitako kamodzi ndi Imran, naona pikapu ya dizilo ya alimi ikusiya kumbuyo galimoto yodula, utsi wakuda uli tolo. Kuyambira tsiku limenelo mtima wawo sunakhalenso m'malo.

Ndinawafunsa kuti mphoto yake ndi chiyani. Anati palibe, amangokupatsa kapepala kolembapo masekondi ako. Ndinaseka, koma iwo sanaseke.

"Zaka zonse nakhala niyendetsa katundu wa eni, pang'onopang'ono, kuopa bwana. Kuno nikankha njinga za okalamba, pang'onopang'ono. Nifuna kamodzi chabe niponde mpaka pansi, kulibe munthu oniuza kuti lekeza."

Tinayamba Loweruka lotsatira. Tinatsitsa injini ndi tcheni cha Imran n'kuimasula yonse, ndipo mabawuti ndinawaika m'timabokosi ta mapiritsi timene a Tembo ankatola kuntchito tikatha. Kuti injini ya dizilo ikhale ndi mphamvu zoposa zimene inabadwa nazo, imafunika mafuta ambiri, mpweya wambiri, ndi zitsulo zoti zipirire. Anzathu a ndalama ankaitanitsa zonsezi zatsopano, zonyezimira, m'makatoni. Ife tinkayenda m'masikirapu, mogulitsa zitsulo za galimoto zakufa. Mapisitoni tinasiya omwewo, tinangosintha maringi ndi mabeyaringi. Gasiketi ndi mabawuti olimba a hedi ndi zokhazo zimene tinagula zatsopano, chifukwa pamenepo ndinakana kunyengerera. Redieta yoziziritsa mpweya tinaichotsa pa vani yogundidwa ku Leeds. Mapaipi tinadula ndi kuwotcherera tokha.

Hedi yathu, kapena kuti mutu wa injini, inapezeka ndi mng'alu, ndipo ina inapezeka ku Hull, kwa munthu wina amene ankagulitsa zitsulo kuseri kwa nyumba yake pafupi ndi doko. Tinapita pa basi awirife, titatenga sutikesi ya matayala ya a Tembo, yomwe anabwera nayo kuchokera ku Chipata. Pobwerera tayala limodzi la sutikesiyo linathyoka tisanafike pa siteji, ndiye tinainyamula wina kutsogolo wina kumbuyo. Dalaivala wa basi atainyamula kuti aike pansi pa basi, anaibweza pansi msanga n'kutifunsa ngati mulibe munthu wakufa m'menemo. A Tembo anamuyankha kuti muli mutu wokha. Tinaseka njira yonse, azungu akutembenuka.

Pampu ndinaigwira ndekha. Ndinayala thaulo loyera pabenchi, n'kuimasula kachidutswa kamodzikamodzi, kukatsuka ndi dizilo, kukayang'ana pa kuwala. Ndinalibe makina oyezera, koma zala ndi makutu zinali zisanaiwale. Ndinaisintha kuti izipereka mafuta ochuluka injini ikakwera, ndipo manozo tinakabooletsa kwa mnzake wa Imran amene tinamulipira pomukonzera takisi. Masana a Loweruka ndi Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ndinkakhala m'chinyumba chozizira chija, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, Imran akutibweretsera tiyi wa mkaka wothira jinja, a Tembo akuimba nyimbo za kwaya molakwitsa mawu dala. M'zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko, maola amenewo okha ndi amene ndinkadziona kuti ndine munthu wodziwa kanthu.

Esinati anamva kusintha m'mawu anga. Tsiku lina anandifunsa mosazungulira ngati ndapeza mkazi. Ndinaseka, n'kutembenuza foni kuti aone injini ili pabenchi. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Yankho, ndiye munatisiyira zimenezi? Zitsulo kuno kulibe?"

Chaka chimenecho ndinayenera kupita kumudzi kutchuti. Masiku anga a tchuti ndinawadula tsiku limodzilimodzi mpaka anathera m'galaja muja, ndipo Esinati ndinamuuza kuti kampani yakana. Limenelo linali bodza langa loyamba pa nkhani ya pikapu imeneyi.

Chinatsala chinali tabo. Kameneka ndi kachipangizo konga chigoba cha nkhono, kamene kamazungulitsidwa ndi utsi wa ekizozi n'kumakankhira mpweya mu injini. Yathu inali yaing'ono, ndipo yaikulu yatsopano mtengo wake sitikanaukwanitsa ngakhale titasonkha. A Tembo anapeza ina kusikirapu, yochokera pa lole yaing'ono, nabwera nayo atainyamula pachifuwa ngati khanda. Ndinaiika pabenchi, ndinalowetsa chala n'kugwedeza kachitsulo ka pakati. Kanali kosewera, kogwedera m'malo molimba. Ndinapisanso chala potulukira mpweya, ndipo chinatuluka chonyowa ndi oyilo.

Ndinkadziwa tanthauzo lake. Injini ya dizilo siidalira moto wa mapulagi, imadya chilichonse choyaka chimene chalowa ndi mpweya. Tabo ikayamba kudontheza oyilo m'njira ya mpweya, injini ikhoza kuyamba kumwa oyilo wake womwe n'kumathamanga yokha. Ngakhale uzimitse kiyi siimva. Imaleka pokhapokha ukaitseka mpweya, apo ayi mpaka idziswe. Ndinali nditaionapo kamodzi ku Limbe, lole ikulira mpaka anthu kuthawa m'mashopu.

A Tembo anali ataima pambali panga, akupukuta manja pa ovolosi. Anandifunsa kuti ili bwanji. Tsiku lomaliza la mpikisano chaka chimenecho linali litatsala masabata atatu, kenako bwalo likanatsekedwa mpaka dzinja la kumeneko lithe. A Tembo anali atasinthana kale mashifiti ndi anzawo, atagwira Malamulungu awiri otsatizana kuti tsikulo adzamasuke. Koma ndisanamizire iwo. Inenso ndinkafuna kumva pampu yanga ikugwira ntchito, ndinkafuna azungu aja adzafunse kuti anakonza ndani. Ndinapukuta chala changa pa thalauza.

"Ipita, a Tembo. Maulendo awiri atatu ipirira."

Imran anatiuza kuti tiike kachitseko kotsekera mpweya, koti dalaivala azikoka ali m'kati injini ikapenga. Ndinati nthawi yatha, tidzaika chaka chamawa.

Tsikulo kunacha bwino, kopanda mvula. Pikapu tinaikweza pa ngolo ya Imran n'kulunjika kummawa. Bwalolo linali pakati pa minda, mphepo ikuwomba mosatchingidwa, kukununkha labala wopsa ndi anyezi wokazinga. Anthu anatilandira bwino. Woyendera galimoto anaona batire, mabuleki ndi chipewa cholimba cha a Tembo, natilola. Bambo wina wandevu zoyera anasuzumira mu injini, naloza zowotcherera zathu, n'kunena kuti galimoto za mtundu umenewu ndi zimene amabwerera kudzaona.

Ulendo woyamba a Tembo anachedwa kunyamuka, matayala anangozungulira pamalo amodzi, ndipo wopikisana nawo anafika iwo ali pakati. Anabwera akuseka. Ulendo wachiwiri anapikisana ndi kagalimoto koyera ka mayi wina. Nyali itasanduka yobiriwira, pikapu inakhala ngati yagwada kumbuyo, utsi wakuda unaphimba anthu, tabo inaimba likhweru lakuthwa, ndipo a Tembo anafika patsogolo. Potsika anali atagwira kapepala kaja ndi manja awiri, misozi ikutsika. Anandikumbatira mpaka nthiti kuwawa, nandiuza kuti adzakaika mufulemu ku Chipata.

Ali m'kati mojambulitsa ndi Imran, ine ndinazungulira kumbuyo. Injini inali ikulira pang'onopang'ono, ndipo utsi wa ku ekizozi sunalinso wakuda, unali wotuwira ngati wa bluu. Nditazimitsa n'kuyeza oyilo, anali atatsika. Pamenepo ndikanatha kunena kuti basi, tapeza chimene tinadzera, tiyeni tikweze pa ngolo. A Tembo anabwera akuvala chipewa, nati kamodzi komaliza. Ndinathira oyilo wowonjezera n'kutseka boneti.

Ulendo wachitatuwo ananyamuka bwino kuposa maulendo onse. Anadutsa mzere womalizira, ine ndikudikira kumva injini ikutsika. Siinatsike. Inakwera, n'kukwererabe, kulira kwake kukusanduka kukuwa, ndipo utsi woyera unatuluka wochuluka ngati atentha tchire. Ndinayamba kuthamanga. A Tembo anazimitsa kiyi, injini osamva. Anayesa kuizimitsa ndi giya yaikulu ataponda buleki, koma kilatchi yathu yakale inangoterereka n'kupsa. Pikapu itaima kumapeto kwa bwalo, akanatsika n'kuthawa sipakanachitika kanthu. Koma inali injini ya chaka chathu chonse. Anatsegula boneti, navula jekete kuti atseke polowera mpweya. Azozimitsa moto anali akubwera pagalimoto yawo, ine ndili kumbuyo ndi miyendo. Ndinamva kuphulika kumodzi kouma, kenako zii.

Ndinawapeza atakhala pa udzu, atafumbata dzanja lamanja pamimba, malaya ali magazi ndi oyilo. Chitsulo cha pisitoni chinali chitaboola buloko, thupi la injini, ndipo zidutswa zinawapeza dzanja lili pomwepo. Sankalira. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati injini ingakonzeke.

Anawatengera kuchipatala ku Hull. Madokotala anayesetsa, koma zala ziwiri zinachoka, zotsalazo sizinkapindika bwino, ndipo mkono unapsa mpaka m'chigongono. Muwodi yawo munali nesi wina wa ku Zomba amene ankawalankhula Chichewa powasambitsa bala. Tsiku lina anandifunsa pakhonde kuti abambo akuluakulu ngati ife tinkafunanji ndi masewera otere, titasiya ana kumudzi.

Ntchito yosamalira okalamba ndi ya manja. Umafunika kumugwira munthu kuti asagwe, kumumanga mabatani, kumutembenuza pabedi. Abwana a a Tembo anawadikira miyezi ingapo, kenako anawaitana n'kuwauza kuti ntchito yopepuka alibe. Viza yawo inali yomangika ku ntchito imeneyo. Anayenda m'maofesi a makampani ena ku Bradford ndi ku Leeds, atavala jekete la kutchalitchi, dzanja ali nalo m'thumba, koma paliponse pankafika nthawi yoti alitulutse. Ine ndinkapita kukawaphikira ndi kuwachapira, ndipo ankandiyamika pamaso pa anthu kuti ndine m'bale weniweni. Mawu amenewo ankandilasa. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma ndinkangofunsa ngati amwa mankhwala.

Akutchalitchi anasonkha ya tikiti yobwerera kwawo ku Chipata. Ndinawaperekeza kokwerera basi ya ku bwalo la ndege, nditawanyamulira chikwama. Asanakwere anandigwira phewa ndi dzanja lamanzere.

"Usazidandaule, mwana wa ku Limbe. Injini unapanga bwino. Linali tsoka chabe."

Ndinagwedeza mutu, basiyo n'kunyamuka.

Kugalaja ndinapitako kamodzi kokha, kukatenga masipanala anga. Pikapu inali itagulitsidwa kale kusikirapu, ndipo pangodya paja panaima takisi. Imran sanandipatse tiyi. Anandithandiza kulongedza, ndipo ndili pakhomo anandiuza m'Chingerezi, motsitsa mawu, kuti tsiku limene tabo inabwera anandiona ndikupukuta chala pa thalauza. Anati nayenso anangokhala chete poganiza kuti ine ndikudziwa bwino. Sitinaonanenso.

Ndinakhalako zaka zina ziwiri. Ndinasamukira ku Hull, kunyumba ina ya okalamba, kuthawa misewu ya ku Bradford imene inkandikumbutsa a Tembo. Za zaka zimenezo ndilibe zambiri zokumbukira: mphepo ya kunyanja yolowa m'mafupa, msana umene unayamba kundivuta, agogo amene ndinawazolowera n'kumwalira mmodzimmodzi. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo n'kutuluka chakudya chisanafike. A Tembo ankanditumizira mauthenga, ine n'kumayankha mwachidule patapita masiku. Msana utafika poti sindingathenso kudzutsa munthu pabedi, ndinalemba kalata yosiya ntchito.

Kunyumba ndinalandiridwa ngati mlendo wolemekezeka. Yankho, amene ndinamusiya akundikwera pamsana, anali mtsikana wa ku sekondale. Anandigwadira pondipatsa moni, nayankha mafunso anga onse mwaulemu, kenako anakalowa kuchipinda kwake. Esinati anali atatsegula shopu ya nsalu, ali ndi anzake, misonkhano yake, nthawi yake yodzukira. Sanandikwiyire, koma ankaiwala kundiuza kumene akupita, ndipo makiyi a nyumba anandidulira patatha mwezi. Mng'ono wanga anali atagwetsa kashedi kaja n'kumanga galaja ya njerwa, akuyeza galimoto ndi kompyuta. Anandionetsa zonse mwaulemu, nati ndizibwera kudzacheza.

Tsiku lina ndinamuuza Esinati zonse, za tchuti chija ndi za tabo. Anali akupinda nsalu, ndipo sanaleke. Atamaliza anati za tchuti anazidziwa kalekale, ndipo zinamupweteka nthawi yake. Koma za dzanja la munthu, anati si iye woyenera kuuzidwa.

Ndinakwera basi ya ku Lilongwe, kenako ya ku Mchinji, n'kuwoloka malire. A Tembo ndinawapeza kunja kwa tauni ya Chipata, kumene anatsegula chigayo cha dizilo m'kanyumba ka njerwa. Anali ataonda, tsitsi lili mbuu ndi ufa ndi imvi. Atandiona anafuula dzina langa, nauza amayi amene anali pamzere kuti uyu ndi uja wa ku Mangalande, katswiri. Anandikhazika pa thumba la chimanga kuseri kwa chigayo, natuma munthu kukagula zakumwa.

Sindinadikire kuti zakumwazo zifike, chifukwa ndinadziwa kuti ndikamwa sindinenanso. Ndinawauza kuti tabo ija ndinaiona kuti ndi yakufa tsiku lomwe anabwera nayo. Ndinawauza za utsi wa bluu, ndi za oyilo amene ndinathira m'malo mowaletsa. Ndinalankhula ndikuyang'ana pansi.

Chigayo chinkagunda kuseri kwa khoma. A Tembo anatulutsa dzanja lija n'kuliika pabondo.

"Zaka zonse izi nakhala niuza mkazi wanga kuti Mulungu ndiye anafuna. Ana anasiya koleji, niwauza kuti ni tsoka. Manje iwe wabwera kuniuza kuti unaona."

Ndinati inde, ndinaona.

"Nikanamvera, ukanakamba. Iwe ndiwe unali makaniko."

Anaimirira n'kulowa m'chigayo, ndipo sanatulukenso. Zakumwa zinabwera, zinakhala pansi mpaka kutentha. Dzuwa litapendeka ndinanyamuka kukafuna malo ogona m'tauni.

M'mawa ndinaganiza zongokwera basi, koma miyendo inanditengera kuchigayo kuti ndikatsanzike, ngakhale atapanda kundiyankha. Ndinapeza amayi ali kale pamzere ndi malichero ndi matumba awo, injini ikulira. A Tembo anali pakhomo. Sanandipatse moni. Analoza m'kati ndi mutu.

"Mvetsera iyo. Ivuta kuliza kuseni. Ukapeza chinthu, ukambe."

Ndinalowa. Ndinaika nsonga ya sikuludiraiva pa buloko, chogwirira chake pakhutu, n'kutseka maso. Nozo inali ikudontha, koma limenelo linali vuto laling'ono. Pansi penipeni pankamveka kugogoda kolemera, kobwera pa kuzungulira kulikonse. Ndinatuluka n'kuwauza kuti beyaringi yaikulu yatha, ndipo injiniyo ikapitiriza ithyola shafuti. Anafunsa ngati singafike kumapeto kwa mwezi, poti ino ndi nyengo ya chimanga. Ndinati ayi. Anafunsa ngati singamalize ngakhale mzere wa lero lokha. Ndinayang'ana amayi aja, ena ali ndi ana kumbuyo, ena atayenda mtunda wautali, ndipo ndinati ayi, izimitsidwe tsopano lino.

A Tembo anandiyang'ana kumaso koyamba chichokereni dzulo lake. Kenako analowa, nakoka kachitsulo kozimitsira, ndipo chigayo chinatsika pang'onopang'ono mpaka kukhala chete. Amayi anayamba kung'ung'udza. Anawapepesa mmodzimmodzi, nawauza kuti adzabwere Lachinayi. Atamwazikana anakatenga bokosi la zida pansi pa benchi, nalikankhira kumapazi anga ndi mwendo.

"Ine siningamange bawuti na dzanja ili. Uzagona kunyumba mpaka ithe. Zokamba zina sinikaziwe, tizaona."

Ndinavula malaya, ndinawapachika pa msomali, n'kugwada pansi kuyamba kukhetsa oyilo.